Chilonda Chikapola, Chindoko Sichinathe

 Nkhani yathu lero ndi ya matenda amene dzina lake munthu satchula pamaso pa apongozi, koma amene amalowa m'nyumba zambiri popanda kuodira. Matendawa ndi chindoko. Tiyambe ndi kupepesa kwa akuluakulu ngati mawu ena amveke olemera m'makutu mwanu. Sitikuchita izi mwachipongwe ayi, koma chifukwa makolo athu adati wakutsina khutu ndi mnansi.

Tiyerekeze kuti tili m'mudzi wina m'munsi mwa phiri la Ntchisi. M'mudzimo muli mayi wachitsikana amene mwana wake woyamba ali moyo ndipo akuthamanga pabwalo. Mimba yake yachiwiri idapita padera ili ndi miyezi isanu. Yachitatu idafika miyezi yake bwinobwino, koma mwana adabadwa atafa kale, ndipo amayi achikulire adakamuika mwakachetechete monga mwa mwambo wa mtayo, popanda kulira maliro. Tsono eni mbumba ndi ankhoswe akhala pansi kuti aone chimene chavuta. Ena akuti ndi mdulo, alipo amene sadasunge mwambo. Ena akuloza chala agogo ena a kutsidya kwa dambo. Akuchimuna nawo akunong'onezana kuti mkaziyo mimba yake njosasunga ana.

Pa anthu onsewa palibe amene akudziwa kuti zaka ziwiri zapitazo, patangopita masabata ochepa chibwerere kogulitsa fodya, bambo wa m'nyumbamo adaona kachilonda kumalo obisika. Kachilondako sikankapweteka. Adapakapo mankhwala azitsamba, ndipo patatha mwezi kadapola kosasiya chipsera choti n'kuchitchula. Mwini wakeyo adathokoza mankhwala aja, ndipo adaiwala. Apa ndi pamene pagona nkhani yathu yonse, ndipo tikupemphani kuti mukaiwala zina zonse musunge mawu awa: kupola kwa chilonda cha chindoko si kuchira. Chilonda chimapola chokha, munthu amwe mankhwala kapena asamwe, koma matenda amatsala m'magazi.

Chimayambitsa chindoko ndi kachirombo ka mtundu wa bakiteriya, kakang'ono kosaoneka ndi maso, kopiringizika ngati kachingwe kopota. Akatswiri amakatchula kuti Treponema pallidum, ndipo adakaona koyamba m'chaka cha 1905 ndi Fritz Schaudinn ndi Erich Hoffmann mu mzinda wa Berlin ku Germany. Komabe matendawo adadziwika kale kwambiri anthu asanaone kachiromboko. Mliri wake woyamba kulembedwa m'mabuku udabuka m'chaka cha 1495 ku Naples, m'dziko la Italy, pakati pa asilikali a mfumu ya ku France. Anthu a ku Italy adautcha matenda a ku France, pamene a ku France adautcha matenda a ku Naples. Chotero chizolowezi cholozana zala pa nkhani ya chindoko sichidayambe ndi ife, ndipo m'zaka zonsezi sichidachiritsepo munthu ndi mmodzi yemwe.

Kachiromboka kamachoka kwa munthu wina kupita kwa mnzake m'njira ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi kugonana, pamene khungu lofewa la munthu likhudzana ndi chilonda kapena zotupa zanyontho za wodwala, kaya kumalo obisika, kotulukira chimbudzi, ngakhalenso m'kamwa. Yachiwiri ndi kuchokera kwa mayi woyembekezera kupita kwa mwana amene ali m'mimba. Kangathenso kuyenda ndi magazi opatsana, ndipo n'chifukwa chake magazi operekedwa kwa odwala m'zipatala amayamba ayezedwa. Kunja kwa thupi kachiromboka sikakhalitsa, kamafa msanga. Motero simungatenge chindoko chifukwa chodyera mbale imodzi ndi wodwala, kupatsana moni wa m'manja, kukhala pa mpando umene iye anakhalapo, kapena kulowa m'chimbudzi chimodzi. Palibe chifukwa chomusala munthu wotere pa nsima.

Matendawa amayenda m'magawo anayi. Gawo loyamba ndi la kachilonda kaja. Kamatuluka pamalo pamene kachirombo kadalowera, kawirikawiri patapita masabata atatu, ngakhale kuti kwa ena kamafulumira pa masiku 10 ndipo kwa ena kamachedwa kufikira masiku 90. Nthawi zambiri kamakhala kamodzi, kozungulira, kolimba m'mbali mwake, ndipo sikapweteka. Mwanabere wa m'mphechepeche amatha kutupa. Kwa bambo kachilondaka kamaoneka, koma kwa mayi kamatha kukhala m'kati mwenimweni mwa njira ya chiberekero, kotero kuti mayi angathe kudutsa gawo lonseli osadziwa kanthu. Pakatha masabata atatu kufikira asanu ndi limodzi, kachilondako kamapola kokha.

Pamenepa m'pamene anthu ambiri amanyengeka. Amene adapita kwa sing'anga amati sing'angayo ngwodziwa. Amene adagula makapisozi awiri atatu pa msika amati makapisoziwo ngamphamvu. Amene sadachite kanthu amati thupi lake ndi lolimba. Onse atatu aona chinthu chimodzi, chilonda chapola, ndipo onse atatu akadali ndi chindoko. Panthawi imene khungu likutsekeka kunjaku, kachirombo kamakhala kataloweratu m'magazi ndi kufalikira m'thupi monse.

Gawo lachiwiri limabwera patapita masabata angapo kapena miyezi ingapo. Munthu amatuluka tizidzolo m'thupi, ndipo chizindikiro chachikulu n'chakuti timatulukanso m'zikhatho ndi kumapazi, komanso kawirikawiri sitiyabwa. Pa khungu lakuda timaoneka ngati timadontho toderapo, ndipo n'kosavuta kutinyozera. Ena amatentha thupi, kumva mutu, kupweteka kukhosi ndi kuphwanya m'thupi, kotero kuti amangoti ndi malungo. Ena tsitsi limathothoka mwa apo ndi apo. Enanso amatuluka zotupa zonyowa, zotuwa, kumalo obisika kapena m'kamwa, ndipo zimenezi zimakhala zodzaza ndi tizirombo. M'gawo limeneli munthu amapatsira mnzake mosavuta kwambiri. Koma nazonso zizindikirozi zimazimirira zokha, ndipo wodwala amadzitenganso ngati wachira kachiwiri.

Gawo lachitatu ndi lobisala. Munthu saona chilichonse, samva chilichonse, amalima, amasenza, amaseka ndi anzake. Alimi a chimanga mukudziwa ntchito ya nankafumbwe: nkhokwe imaoneka yodzaza, koma tsiku lokatapa mumapeza ufa wokhawokha. Chindoko chimatha kukhala chotero zaka zambiri, ndipo njira yokhayo yochidziwira panthawiyi ndi kuyeza magazi.

Gawo lachinayi limafika patapita zaka 10, 20, ngakhale 30. Si onse amene amafikako. Ku Oslo, m'dziko la Norway, madokotala adasunga mbiri ya odwala pafupifupi 2,000 amene sadalandire mankhwala pakati pa 1891 ndi 1910, penisilini asanabwere, ndipo atawalondola pambuyo pake adapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse adadzavutika ndi gawo lomalizali. Kachirombo kamaononga mtsempha waukulu wochokera ku mtima, ubongo, mitsempha ya mu msana, mafupa ndi khungu. Munthu amatha kuyenda modzandira, kufa ziwalo, kapena kusokonezeka mutu. Maso ndi makutu zingathe kugwidwa m'gawo lililonse, ngakhale loyambirira, mpaka munthu kuchita khungu kapena kugontha. Zikafika apa, mankhwala amaphabe kachirombo, koma chimene chaonongeka sichibwerera. Madzi akatayika saoleka.

Tsopano tibwerere kwa mayi wathu uja, pakuti amene amalipira mtengo waukulu wa chindoko ndi mwana amene sadalakwe kanthu. Mayi angathe kukhala m'gawo lobisala, wooneka wathanzi ndithu, koma kachirombo n'kudutsa m'magazi ake kukafika kwa mwana pa mwezi uliwonse wa mimba. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likunena kuti mwa amayi 10 oyembekezera amene ali ndi chindoko koma sadalandire mankhwala oyenera pa nthawi yake, asanu kufikira asanu ndi atatu mimba zawo sizitha bwino. Ena amapita padera, ena amabereka mwana wakufa, ena amabereka masiku asanakwane, ena mwana amabadwa wochepa thupi n'kumwalira m'masabata oyamba. Pa dziko lonse, chindoko ndi chachiwiri kwa malungo pa matenda opatsirana amene amapha ana asanabadwe.

Mwana wina amabadwa wamoyo koma ali ndi matendawa. Ena amaoneka bwino pobadwa, zizindikiro n'kudzayamba patapita masabata. Mayi ayenera kuthamangira kuchipatala akaona khanda lili ndi chimfine chosatha, mwina chosakanikirana ndi magazi, khungu la m'manja ndi kumapazi likusupuka, mimba yotupa, maso achikasu, kuchepa magazi, kapena likulira kwambiri akaligwira dzanja kapena mwendo. Mwana wotere amachiritsidwa ndi jakisoni wa penisilini kwa masiku 10. Akapanda kuthandizidwa, akadzakula angathe kugontha, kuvutika maso, kuphwa mphuno ndi kumera mano opunduka.

Zimenezi si nkhani za maiko akutali okha. Kafukufuku amene adachitika m'boma la Mangochi, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa m'chaka cha 1993, adayeza amayi oposa 3,500. Mwa amayi 100 alionse, pafupifupi anayi adapezeka ndi chindoko. Chiwerengerochi chikumveka chochepa, komatu ofufuzawo adapeza kuti mwa ana anayi alionse obadwa akufa, mmodzi adafa chifukwa cha matenda amenewa. Pa dziko lonse, bungwe la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2022 anthu akuluakulu 8 miliyoni adatenga chindoko, ndipo ana 700,000 adachitengera kwa amayi awo.

Pali chinanso choti tichidziwe. Chilonda cha chindoko chimatsegula khomo kwa kachirombo ka HIV, pakuti pamene khungu lang'ambika m'pamene HIV imalowera kapena kutulukira mosavuta. Choncho amene wapezeka ndi chindoko ayezetsenso HIV, ndipo amene ali ndi HIV aziyezetsanso chindoko.

Tanena zoopsa zambiri. Tsopano timve zolimbitsa mtima. Chindoko chimachizika, ndipo mankhwala ake ndi odziwika. Kwa zaka mazana anayi anthu a ku Ulaya ankadzola ndi kumwa mankhwala a mercury, amene ankagwetsa mano ndi kupha odwala ena. M'chaka cha 1910 kudabwera mankhwala otchedwa Salvarsan, amene adapezedwa ndi Paul Ehrlich ndi Sahachiro Hata, koma ankafuna jakisoni wambiri kwa miyezi yambiri. Kenaka m'chaka cha 1943 dokotala wa ku America, John Mahoney, adaonetsa kuti penisilini amachiza chindoko. Chiyambire nthawi imeneyo papita zaka zoposa 80, ndipo kachiromboka sikanapimebe kwa penisilini.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Amabaya chala, amatenga kadontho ka magazi, ndipo pasanathe theka la ola munthu amamva zotsatira. Kuyambira m'chaka cha 2019 bungwe la WHO limalimbikitsa kachipangizo koyeza HIV ndi chindoko pamodzi ndi kadontho komweko. Amene wapezeka ndi matendawa amabayidwa pathako jakisoni wotchedwa benzathine penicillin, amene amakhalitsa m'thupi. Ngati matenda ngatsopano, osapitirira zaka ziwiri, jakisoni wa tsiku limodzi amakwanira. Ngati akhalitsa, kapena sizikudziwika kuti adalowa liti, munthu amabayidwa katatu, kamodzi pa sabata kwa masabata atatu, ndipo sayenera kudumphitsa. M'zipatala za boma chithandizo chimenechi n'chaulere.

Pali mfundo zinayi zoti wolandira mankhwala azisunge. Choyamba, ngati penisilini adakuwengani kale, nenani jakisoni asanabayidwe, kuti adokotala akusankhireni njira ina. Chachiwiri, anthu ena amatentha thupi, kunjenjemera ndi kumva mutu tsiku loyamba atabayidwa. Zimenezi zimachitika pamene tizirombo tikufa tambiri nthawi imodzi, ndipo zimatha zokha. Koma mayi woyembekezera akamva kupweteka m'mimba kapena mwana akachepetsa kugunda, abwerere kuchipatala msanga. Chachitatu, musakhale malo amodzi ndi mnzanu kwa masiku asanu ndi awiri chibayidwireni, ndiponso kufikira zilonda zitapola ndi mnzanuyo atalandira mankhwala. Chachinayi, sungani buku lanu la kuchipatala, pakuti kachipangizo koyezera pa chala kamatha kuonetsabe chizindikiro cha chindoko ngakhale munthu adachira kalekale, ndipo bukulo ndi limene lidzauze adokotala kuti mudalandira kale chithandizo.

Kwa mayi woyembekezera, nthawi ndiyo chinthu chachikulu. Kuti mwana atetezeke, jakisoni ayenera kubayidwa kutatsala masiku osachepera 30 kuti mayi achire, ndipo akabayidwa m'miyezi yoyambirira ndiye bwino koposa. N'chifukwa chake a zaumoyo amati mayi ayambe sikelo mimba isanapitirire miyezi itatu. Tikudziwa kuti kwathu kuno mimba yaing'ono siitchulidwa. Amayi ambiri amadikira kuti iyambe yaoneka, poopa anthu oipa mtima, ndipo wa mimba yoyamba amadikira kuti anamkungwi ayambe amulangiza za chisamba. Tikudziwanso kuti m'mapiri muno mitunda ndi yaitali, ndipo nthawi ya dzinja misewu imaterera, milatho ina imaduka, wa kabaza amakweza mtengo. Komabe mayi amene wayamba sikelo pa miyezi isanu ndi itatu wapatsa kachirombo miyezi yonseyo kuti kagwire ntchito yake. Kupita ku sikelo si kulengeza mimba kwa mudzi wonse. Anamwino ali ndi lamulo losunga chinsinsi.

Choncho inu amayi, kaya chipatala chanu ndi cha pa boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, kaya ndi Mponela, Madisi, Mtengowanthenga, Mvera, Khuwi kapena Malomo, mukapita ku sikelo funsani momveka bwino kuti, "Kodi magazi anga mwayeza chindoko?" Onetsetsani kuti zotsatira zalembedwa m'buku mwanu. Ngati tsikulo zoyezera palibe, funsani tsiku loti mubwerenso kapena chipatala china choti mupiteko. Safunsa adadya phula. Ndipo kuyeza kwa mimba yapita sikuwerengedwa pa mimba ino; mimba iliyonse ili ndi kuyeza kwake.

Tsono tilankhule ndi inu abambo. Thupi la munthu silisunga chitetezo cha chindoko, ndipo katemera wake kulibe. Munthu amene wachira lero angathe kuchitenganso mawa. Mayi akabayidwa jakisoni ku sikelo n'kubwerera kwa mwamuna amene sadabayidwe, matenda amabwereranso, ndipo mwana amakhala pa ngozi yomwe ija. Kawirikawiri achipatala amapereka kakalata koti mayi akapatse mwamuna wake. Kakalatako si samani ya mlandu. Musafunse kuti, "Wazitenga kuti zimenezi?" pakuti matenda amene amabisala zaka zambiri angathe kukhala kuti adalowa ndi mwamuna kapena ndi mkazi, mwinanso banja lisanayambe n'komwe. Kuyeza magazi sikunena amene adayamba. Musanenenso kuti, "Ine sindikumva kanthu," pakuti tafotokoza kale kuti kusamva kanthu ndi gawo limodzi la matendawa. Ngati muli pa mitala, kapena muli ndi wina kumbali, onsewo ayenera kulandira chithandizo. Kubayidwa jakisoni n'kopepuka poyerekeza ndi kukumba kamanda.

Kupewa kwake n'kodziwika. Mwamuna ndi mkazi amene ayezetsa, napezeka alibe matendawa, nakhulupirika wina kwa mnzake, chindoko sichiwapeza. Amene sangathe kutero agwiritse ntchito kondomu nthawi zonse ndiponso moyenera, podziwa kuti kondomu imateteza pamene yaphimba pokha. Ngati pali chilonda pena paliponse, ndi bwino kuleka mpaka achipatala aone. Nyengo yokolola ndi yogulitsa fodya, soya ndi mtedza, pamene ndalama zili m'thumba ndipo malo ogona alendo pa Mponela, pa Madisi ndi ku Kanengo adzaza, ndiyo nyengo yofunika kudzigwira koposa. Anyamata ndi atsikana amene mukukonzekera ukwati, kayezetseni limodzi ankhoswe asanamange nkhani. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Tili ndi pempho kwa inu mafumu, anamkungwi, ankhoswe ndi atsogoleri a mipingo, pakuti mawu anu ndi amene amamveka m'mudzi. Pamene mayi wapita padera kapena wabereka mwana wakufa, musanakhale pansi kufufuza za mdulo kapena za mfiti, yambani mwatumiza banjalo kuchipatala, mwamuna ndi mkazi yemwe, kuti akayezetse magazi. Si imfa zonse zotere zimene zimadza ndi chindoko. Malungo, kuthamanga kwa magazi ndi zovuta zina za pobereka zimaphanso ana. Koma pa zonsezi, chindoko ndi chimodzi mwa zosavuta kuzipeza ndi kuzichiza. Anamkungwi, pa malangizo anu a chisamba onjezanipo lakuti sikelo iyambe msanga. Alangizi a zaumoyo amene ali m'midzi mwanu angakuthandizeni kufotokoza zimenezi pa msonkhano.

Maiko ena adaonetsa kale kuti n'zotheka. M'chaka cha 2015 dziko la Cuba lidakhala loyamba kuvomerezedwa ndi bungwe la WHO kuti lathetsa vuto la amayi kupatsira ana awo HIV ndi chindoko, ndipo m'chaka cha 2016 dziko la Thailand lidatsatira. Sadagwiritse ntchito mankhwala achilendo ayi. Adaonetsetsa kuti pafupifupi mayi aliyense woyembekezera wafika ku sikelo, wayezedwa, ndipo wopezeka ndi matenda walandira penisilini yemweyu amene ali m'zipatala zathu.

Nanga mayi uja wa m'munsi mwa phiri la Ntchisi? Ana awiri amene adataya sangabwerere. Koma iye ndi mwamuna wake akatsika phiri limodzi, nayezetsa, namaliza jakisoni wawo, palibe chimene chindoko chingachitenso pa mimba yachinayi, bola asachitengenso. Mwana ameneyo angathe kubadwa wamoyo ndi wathanzi monga mkulu wake. Ngati inu amene mukumvera mudaonapo kachilonda kotere, kaya chaka chatha kaya zaka khumi zapitazo, ndipo kadapola musanapite kuchipatala, pitani mukayezetse sabata ino. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.